Miyala ya Amayi Saniasa

Tsiku la ukwati wanga ndinalowa m'nyanja ndi zovala zaukwati zomwe, ndipo amene anandilowetsamo ndi apongozi anga, a Saniasa. Bwato linali litangofika pachilumba pawo, ng'oma zikulira, ine nditadzola ufa wampunga kumaso, ndikuti ndiponde pansi. Ndinangomva mawu okalipa.

"Mwala uli kuti?"

Ndinacheukira mwamuna wanga Marjuni. Iye maso ali pansi ngati wataya singano. Anaiwala kundiuza, chitsiru cha munthu!

"Pano munthu sapondapo chimanjamanja, mwana wanga," anatero mayiwo, kamunthu kakafupi kopsa ndi dzuwa, manja ali m'chiuno. "Kaya ndiwe mkwatibwi, kaya ndiwe shehe. Bwerera ukatole mwala."

Ndinatsikira m'madzi ofika m'chiuno, misozi yaukali ili chuchuchu, n'kuzula mwala woyera wa mabowomabowo, umodzi wa miyala ija yomera pansi pa nyanja, imene ikafa mafunde amaswa. Ndinauponya pamapazi pawo kuti khu! Iwo anautembenuza ndi chala chakuphazi.

"Mwalawu ndi wochepa, koma mtima ulipo. Tigwirizana."

Anthu anafa nazo kuseka, ine ayi. Apongozi angawo ndinawasungira chakukhosi mpaka tsiku limene ndinamva kumene miyalayo inayambira.

A Saniasa sanachite kusankha kubwera kuno. Ali mtsikana, ali ndi pakati pa Marjuni yemweyu, ankachokera kudoko la Baubau ndi amuna awo a Kudding, atagulitsa nsomba zouma. Mphepo ya kumadzulo inawapeza pakati pa nyanja. Inathyola mlongoti, inang'amba thanga, n'kuwakankha mpaka bwato linaswekera pamatanthwe. Pamene anatulukira panalibe chilumba choti munthu n'kuchitchula kuti chilumba. Unali mchenga basi, wopanda mtengo, wopanda udzu, woti nyanja ikadzaza pankatsala malo oyala mphasa ziwiri.

Anatola matabwa a bwato n'kumanga kachisakasa, thanga long'ambikalo likhale denga. Madzi akumwa ankatchera a mvula m'zigoba za nkhono zikuluzikulu zija. Chakudya chinali tinsomba totsalira m'maenje nyanja ikaphwa, toyanika padzuwa poti moto panalibe. Koma a Kudding anali atachekedwa ntchafu ndi thanthwe pamene bwato linkasweka. Bala linayamba mafinya, mwendo unatupa, ndipo m'mawa wina sanadzuke.

A Saniasa anawasambitsa okha ndi madzi amchere, anawakulunga m'thanga lija, anakumba ndi thabwa n'kuwaika nkhope italoza ku Maka. Mwezi utakhala wathunthu nyanja inakwera kuposa masiku onse. Itabwerera, anapeza mapazi a amuna awo ali pamtunda, nkhanu zikuyendapo.

"Ndinaitukwana nyanjayo," ankatero akamatisimbira. "Ndinati wakuba iwe, wandilanda wamoyo, koma wakufayu sum'tenga!"

Tsiku lomwelo anayamba kusenza miyala. Nyanja ikaphwa ankapita kumatanthwe, mimba ili patsogolo, kukatola yakufa yokhayokha, chifukwa yamoyo ndi nyumba za nsomba. Anakwirira manda, anawazinga ndi khoma, kenako anaunjika ina pambali kuti nawonso azigona pouma. Mwana anabadwira pamulu womwewo, mchombo anadula ndi chigoba. Asodzi ena atasochera n'kufika kumeneko, anapeza mayi wowonda ngati bango, khanda kumsana, mwala pamutu.

"Kwerani, mayi, tikakutuleni kwanu," anatero asodziwo.

"Ndikachoka, amuna angawa aziwakwirira ndani? Ndisiyireni moto ndi mtsuko. Mukamadutsanso muzibwera ndi mwala."

Achimwene awo awiri anabwera kudzawatenga ndi mphamvu. Mmodzi anabwerera ndi mano a mlongo wake pamkono, winayo anatsala kuti awathandize, n'kuona kuti nsomba za kuno n'zosati masewera. Anaitana mkazi wake, mkaziyo anaitana abale ake. Lamulo linali limodzi lomwe lija. Pamene ine ndinkakwatiwa, panali nyumba zambiri pansanamira zake, kamzikiti, mitengo ya kokonati, ndi thanki ya simenti yosungira madzi a mvula. Paliponse pamene munthu ankaponda panali patadutsa pamutu pa wina. Malowo ankangotchedwa Kwa Saniasa.

Musaganize kuti anali munthu wokoma kukhala naye. Ayi ndithu! Chinangwa changa sichinapse bwino ndi tsiku limodzi lomwe, nsomba zanga mchere unkachuluka, ana anga ndinkawalera ngati ana a mabwana. Nanenso sindinkasowa poyankha. Tinkalongolola mpaka nkhuku kuthawa, kenako n'kupita limodzi kumatanthwe, iwo patsogolo, ine pambuyo ndikung'ung'udza.

Mavuto anabwera ndi a Haji Lampe, amalonda a pachilumba chachikulu, amene ankagula nsomba zathu ndi ndere zimene timalima m'nyanja. Ndinali ndi ana atatu nthawi imeneyo. Anafika pa boti la injini, atavala zoyera mbee, ali ndi wapolisi, ndipo anatsika osanyamula ngakhale kamwala. Anati mchenga uwu ndi wa makolo awo, agogo awo ankayanikapo maukonde, ndipo akhoti agamula kale kuti ndi wawo. Ankafuna kumangapo nyumba zogona alendo obwera kudzaonera nsomba pansi pa madzi. Tonse tichoke nyengo ya mphepo ya kumadzulo isanayambe.

"Sindine munthu woipa, amayi," anatero a Haji. "Ndakupezerani malo kuphiri, abwino zedi."

"Kuphiri? Ndizikawedza mbuzi?"

"Manda aja shehe akhoza kuwasamutsa mwaulemu."

Pamenepo ndinaona khosi la apongozi anga likuuma. Ndinkalidziwa khosi limenelo. Anafunsa mofatsa kwambiri, zimene sizinali zawo.

"A Haji, tandiuzeni pamaso pa anthuwa. Agogo anuwo anasiya chiyani pano?"

"Mchenga wonsewu."

"Mchenga. Mwamva nonse? Bwana wapolisi, mwamva? Mchenga ndi wawo, sindikukana. Nanga miyalayi anasenza ndani?"

Wapolisi anaseka. "Miyala yanuyo tengani, agogo, palibe akuiletsa."

A Haji sanaseke. Nawonso ndi mwana wa m'nyanja, ankadziwa chimene chimagwira mchenga. Anangoyang'ana khoma lozungulira chilumba chonse, n'kuyang'ana kankhalambako, n'kunena kuti, "Simungathe."

Bwenzi atangokhala chete. Munthu sankawauza a Saniasa mawu amenewo.

Kutsidya kwa khwawa lakuya la m'nyanja, poti munthu akafuula umamva, kuli matanthwe osaya, madzi a m'mawondo nyanja ikaphwa. Kumeneko sikunaumepo chiyambire, ndiye palibe agogo a munthu amene anayanikako ukonde. M'mawa mwake apongozi anga anazula mwala wa pakhomo pawo, anauika m'bwato, anapalasa n'kukauponya kumeneko. Anabwerera, anazula wina. Amuna anaima m'makhonde akuonerera, manyazi akuwadya, mpaka Marjuni anavula malaya n'kutsika. Pofika masana mabwato onse anali pamzere.

Ntchito imeneyo sindidzaiiwala. Nyumba zathu n'zolumikiza ndi zikhomo, tinazimasula thabwa ndi thabwa n'kukazimika nsanamira m'madzi. Miyala ya m'nyanja imacheka ngati lumo, ndipo mchere ukalowa m'bala umaona nyenyezi masana. Mabanja ena anatopa n'kupita kuphiri kuja, sindiwanena, anali ndi ana odwala. Thanki ya madzi sinanyamulike, tinaisiya, tinabwerera kotchera mvula m'mitsuko. Mitengo ya kokonati nayo tinaisiya. Mwana wanga wamng'ono anatsegula m'mimba chifukwa cha madzi oipa, ndipo tsiku limenelo ndinaphulika.

"Amayi, mutiphetsa ndi liuma lanuli! Chifukwa cha mafupa basi? Zidzukulu zanu zikumwa zonyansa, inu muli kalikiliki ndi munthu amene anafa kalekale!"

Ndinkayembekeza mbama. Iwo anangotula mwala, anandionetsa zikhatho zawo zong'ambikang'ambika, magazi akudontha.

"Tenga ana upite kuphiri, sindikuletsa. Koma ukadzafa iweyo, ufuna akakuike pamalo pako kapena pamalo opemphetsa?"

Ndinali wokwiya, ndinali ndi mantha, komanso ndinkawakonda mayi amenewa kuposa mmene ndinkafunira. Mwana anachira. Ine kuphiri sindinapite.

Khoma lonse litatha kusamuka, panatsala manda okha. Marjuni anapita kwa mayi ake atakonza kale nsanda yatsopano, kuti afukule bambo ake tikawaike kwathu kwatsopano.

"Usayerekeze," anatero a Saniasa. "Bambo ako anafika pano a Haji asanadziwe n'komwe kuti malowa ali ndi phindu. Amoyo atithamangitsa, chabwino. Koma awa sasamuka."

M'malo mochotsa, anatilamula kuti tiwonjezere. Miyala yaikulu kwambiri, imene amuna anayi ankachita kubuula nayo, inapita pamandapo, mpaka khoma linafika pachifuwa pa munthu. Pamwamba anazikapo mtengo wokhala ndi kansalu koyera.

Mphepo ya kumadzulo itayamba, tinkaonerera tili m'makhonde mwathu kutsidya kuno. Mafunde ankanyambita mchenga ngati mwana akunyambita mbale. Mitengo ya kokonati inapendekeka, mizu ili pamtunda, n'kugwa umodziumodzi. Apongozi anga analira tsiku limene unagwa mtengo woyamba, umene anabzala okha Marjuni akukwawa, koma analira chiimire, akutukwana. A Haji anatumiza matumba a mchenga ndi simenti, nyanja inameza zonse osathokoza. Mphepo itatha, nyanja ikadzaza pankaoneka manda okha ndi kansalu kawo.

A Haji anabweranso, ulendo uno okha, opanda wapolisi. Anaimitsa boti pafupi ndi khonde lathu.

"Mwapha chilumba, amayi."

"Chilumba chanu chilipo, a Haji. Dikirani madzi aphwe muchiona, momwe anachisiyira agogo anu."

"Ndikhoza kubweretsa miyala yanga pa sitima n'kumanganso. Koma alendo sangagone pafupi ndi manda. Chotsani mandawo, tikambirane ngati anthu."

"Kawauzeni nokha eni akewo. Ine ndakhala nawo zaka zonsezi, sanandimverepo."

A Haji anapukusa mutu. Kufukula Msilamu mnzawo ndi manja awo, anthu onse akuona, sakanatha, ndipo ankadziwa kuti ife tikudziwa. Anagwira nsanamira kuti akwere pakhonde, mwina kuti apitirize kunyengerera.

"Mwala uli kuti?" anafunsa apongozi anga.

A Haji analiza injini n'kumapita.

A Saniasa anakhalanso zaka zingapo, maso atachita khungu, msana utapindika. Nyanja ikaphwa ndinkawapalasira ndine kupita kumanda, kamwala kali pamiyendo pawo, akundinena kuti ndimapalasa ngati munthu wakumtunda. Atadwala matenda awo omaliza anathamangitsa onse m'chipinda n'kutsala ndi ine.

"Marjuni ndi wofatsa ngati bambo ake, a Haji akamukalipira agonja. Iwe ndiwe wamwano, n'chifukwa chake ndikuuza iwe. Ukandiike pambali pa amuna anga, pamchenga wa a Haji pomwepo. Ndione ngati adzandithamangitsenso."

Tinawaika pomwepo. Mwana wa a Haji anabwera ndi boti kudzaletsa, akuti malowo ndi a bambo ake. Ndinaimirira m'bwato, mtembo uli kumapazi kwanga, n'kumuuza kuti ngati ali mwamuna adzaulande. Anayang'ana mabwato amene anali pambuyo panga, ochokera zilumba zonse, ngakhale aja anapita kuphiri, aliyense mwala uli m'manja. Anabweza boti lake n'kukaima patali mpaka tinamaliza.

Chichokereni tsiku limenelo, aliyense akamwalira kwathu kuno timakamuika kumeneko, ndipo aliyense wopita kumaliro amanyamula mwala. Mchenga wayambanso kugwira m'mbali mwa khoma, chaka chatha pamera kaudzu. Chilumba cha a Haji chikukulanso, ndipo onse okhalapo palibe amene adzasamuke. Malo anga ndinasankha kale, kumapazi kwa apongozi anga, kuti tizikapitiriza kulongolola. Nyanja ikaphwa ndimapitako ndi mwala wanga, ndipo ndimasankha waukulu, asadzanenenso kuti ndi wochepa.