Dzinja Limene Kuka Inabwera pa Ngolo

Kuka yathu yophikira yamagetsi inali yoyera, ya mapuleti anayi ndi uvuni pansi, ndipo pakona ya kumanzere penti anali atasupuka, kusiya kabala kakuda ngati njere ya nyemba. Inafika kwathu ku Mvera pa ngolo, itakutidwa ndi chiguduli, tsiku limene mvula yobzalira inagwa. Ndinali ndi zaka khumi, ndili Sitandade 4. Amalume ankayenda pambali pa ngoloyo atanyowa thupi lonse, akudandaulira mwini ng'ombe kuti aziyendetsa pang'onopang'ono pa miyala.

Bambo anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, choncho pakhomo tinalipo awiri, ine ndi amayi. Amayi ankasoka zovala pakhonde la golosale ina pafupi ndi msika, koma chaka chimenecho anasiya. Ankati makina atopa, akungothyola singano. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankakonza zamagetsi m'maesiteti a fodya, ndipo kukayo anapatsidwa ndi bwana wina amene ankasamuka. Ataitsitsa anapukuta nkhope ndi chipewa n'kunena kuti, "Alongo, muziphika masikono. Malaya munthu amasoketsa kamodzi pa chaka, koma njala ndi ya tsiku lililonse."

Tinkaganiza kuti tiphikirapo madzulo omwewo. Inakhala milungu itatu osayaka.

M'nyumba yathu ya lendi munali mababu awiri ndi soketi imodzi, ya wailesi ndi ayironi. Amayi ankafuna kungolumikiza pamenepo, koma amalume anakaniratu. "Soketi iyi ndi ya wailesi," ankatero. "Mukaikapo chinthu ichi, waya atentha m'khoma inu osadziwa, mudzangoona denga likufuka." Podziwa mtima wa mlongo wawo, anachoka osasiyako ngakhale kachidutswa ka waya kumbuyo kwa kukayo. Loweruka lililonse ankabwera pa njinga ndi chinthu chimodzi. Koyamba anabweretsa waya wonenepa ngati chala chachikulu, kenako swichi yofiira ya kuka yokhayo, kenako chitsulo chachitali chimene anakhomera pansi kuseri kwa nyumba n'kumangirirapo waya wobiriwira. Ndinawafunsa ntchito yake. Anati magetsi akasochera amafuna njira yopitira m'nthaka, ndipo akapanda kuipeza amadzera mwa munthu amene wagwira poto.

Pa nthawiyo ndinkaona ngati amalume ndi aulesi, kapena akungofuna kutinyaditsa. Lero ndili ndi nyumba yanga, ndipo ndaonapo makhoma akuda m'nyumba za anthu amene anafulumira. Ndikamukumbukira munthu uja atagwada pasimenti, pensulo ili kukhutu, ndimachita manyazi ndi maganizo anga aja.

Pansi pa khitchini yathu panali popendekeka. Amalume anaika mbale ya madzi pamwamba pa kuka n'kumapotokola timiyendo take mpaka madziwo anakhala bwino mbali zonse. Anaichotsa pafupi ndi zenera chifukwa cha katani, anasuntha ndowa ya madzi kupita nayo kukona ina, ndipo pomaliza anaimangirira kukhoma ndi katcheni. Anandiloza ndi sikuludiraiva: "Izi ndachitira iwe. Tsiku lina udzafuna kukhalira chitseko cha uvunichi." Sananame, ndinali nditaziganizira kale.

Tsiku loyatsa kunabwera aphunzitsi. Anali mayi wamtali wosakonda kuseka, amene ankandiphunzitsa kusukulu komanso ankakhala nyumba yoyandikana ndi yathu. Kukayo inabwera ndi kabuku ka Chingerezi kothimbirira ndi mafuta, ndipo iwo anakhala pa mpando akuwerenga n'kumamasulira, mawu awo ali omwe aja a m'kalasi. Osagwira ndi manja onyowa. Osaimapo wopanda nsapato. Zogwirira mapoto ziziloza m'kati. Puleti imakhalabe yotentha ngakhale mwazimitsa. Uvuni unatulutsa kafungo ka fumbi lopserera, tinatsegula mawindo onse, ndipo ana a m'nyumba zoyandikana anadzaza pakhomo kudikira malawi amene sanaoneke. Chimene chinayaka ndi kagetsi kofiira kokha, kakang'ono ngati diso la nkhuku, pambali pa mabatani opotokola.

Mapoto athu akale anali akuda ndi obulungira pansi chifukwa cha mafuwa, ndipo ankagwedera pa puleti. Amayi anasinthanitsa nsalu ziwiri zimene zinatsala ndi mapoto awiri osalala pansi ndi mathileyi a masikono.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse unkayamba ndi mawu amodzimodzi: "Maso a sukulu, bwera kuno." Ndinkadzuka, kuvala patapata, n'kukaima pambali pawo. Iwo ankagwira batani, ine n'kumawerenga manambala mokweza mpaka afike pamene akufuna. "Kagetsi kayaka?" ankafunsa. Ndikati kayaka, ankati, "Wakhoza, ukhala namba wani." Ankati akundiphunzitsa masamu, ndipo ine ndinkanyada kwambiri. Kusukulu ndinkauza anzanga kuti kwathu kuka siyaka popanda ine.

Dzinja limenelo ndimalikumbukira ndi mphuno. Kunja kunkanunkha dothi lonyowa ndi utsi wa nkhuni zaziwisi zimene amayi a m'nyumba zina ankauzira mpaka misozi. M'nyumba mwathu munkanunkhira isiti, majarini ndi masikono akupsa. Chifunga chinkatsika m'mapiri kudzaphimba minda ya chimanga, ine n'kumaotha manja patsogolo pa galasi la uvuni, kuonerera timibulu ta ufa tikufufuma. Sikono yoyamba kutuluka inali yanga. Amayi ankaing'amba pakati ndi zala, nthunzi n'kutuluka, ndipo ankandipatsa mbali yaikulu. Otsalawo ankawaika m'beseni, kuphimba ndi nsalu yoyera, n'kupita nawo pachipata cha sukulu. Pofika nthawi yopuma beseni linkakhala lopanda kanthu.

Loweruka masana linali lotsuka. Choyamba kuzimitsa swichi yapakhoma, kenako kudikira kuti chilichonse chizizire. Madzi sitinkathira, tinkangonyowetsa kansalu m'madzi ofunda a sopo n'kukafinya. Pamene mkaka unatayikira n'kuuma tinkapakapo soda wonyowa, kumusiya kanthawi, kenako n'kupukuta. Mpeni amayi ankaletsa, ati umakala penti. Mapuleti tikawaumitsa tinkawapaka kadontho ka mafuta ophikira kuti asachite dzimbiri. Ine ndikati ndamaliza, amayi ankayendetsa nsonga za zala pamwamba ponse, nkhope atayang'ana kukhoma, n'kuima pamalo amodzi. "Apa." Ndikayang'anitsitsa ndinkapezadi kadontho kouma. Ndinkaona ngati ndi matsenga a azimayi akuluakulu.

Panali zinanso zimene ndinkaziona osaziganizira. Munthu akabwera pakhomo, amayi ankadikira ayambe walankhula asanamutchule. Ulusi ndi singano anazitsekera m'chitini. Mwana amaona zonse, koma amakhulupirira zimene wauzidwa.

Tsiku lina mu Febuluwale kunachita mabingu m'mawa, ine nditapita kale kusukulu, ndipo magetsi anazima amayi akuwiritsa nyemba. Anasamutsira poto pa mbaula ya makala, koma batani la puleti linatsala pomwe linali. Masana magetsi anabwera mwakachetechete. Kagetsi kofiira kanayaka, puleti inatentha, ndipo amayi, pofuna kupukuta msuzi umene unadonthera, anaikapo dzanja lonse ndi kansalu kopyapyala.

Ine ndinafika ndi aphunzitsi, titafunda ambulera yawo imodzi. Tinapeza amayi atakhala pakhomo, dzanja lamanja atalikulunga m'chitenje, milomo ataluma. M'nyumba munkanunkha nsalu yopsa. Sanalire. Anangondiuza kuti ndikatenge mankhwala otsukira mano adzapake. Aphunzitsi anandigwira paphewa kuti ndisapite, analowa n'kuzimitsa swichi yapakhoma, n'kutuluka ndi beseni la madzi ozizira. Anaviika dzanjalo m'menemo ndipo analigwira nthawi yaitali, akusintha madzi, osalola kupakapo chilichonse. Chikhatho chonse chinali chofiira, matuza atayamba kutukuka m'munsi mwa zala.

"Aneba," anatero aphunzitsi motsitsa mawu, "kagetsi kaja simunakaone?"

"Ndinali ndi changu," anayankha amayi.

Aphunzitsi anaimirira, anabwerera m'mbuyo mapazi angapo pabwalo, n'kukweza kabuku kamene kanali m'thumba mwawo. "Ndanyamula chiyani apa?"

Amayi anayang'ana komwe kunkachokera mawuwo. Ine, poganiza kuti ndi masewera athu a m'mawa aja, ndinayankha msangamsanga kuti ndi buku la masamu. Palibe amene anandiyamikira. Aphunzitsi anandituma kukatunga madzi ena ku mjigo, ngakhale ndowa inali yodzaza.

Pobwerako ndinali nditagamula mlandu ndekha: amayi apsa chifukwa ine kunalibe. Ndinawauza kuti kuyambira mawa sindipitanso kusukulu, ndizikhala pakhomo kuwawerengera manambala. Amayi sanali munthu wokalipa, koma tsiku limenelo anandikalipira kwambiri. "Ukadzabwerezanso mawu amenewo, kuka imeneyi ndikaitaya kudambo ndi manja angawa." Ndinalira, osamvetsa kuti ndalakwa chiyani pofuna kuthandiza. Panapita zaka zambiri ndisanazindikire kuti chimene ndinanenacho n'chimene iwo ankachiopa miyezi yonse ija, n'chifukwa chake ankabisa. Ankadziwa zimene zimachitikira mwana wamkazi wa mayi wosaona.

Amalume anabwera Loweruka, aphunzitsi atawatumizira uthenga. Anaona dzanja lomangidwa bandeji la kuchipatala, anakhala pa mpando n'kuwerama, chipewa chili pabondo. Kenako anati kukayo aichotsa tsiku lomwelo, ndipo ife atitenga tikakhale kumudzi ku Chisepo, kumene kuli abale otiyang'anira. Ine ndinali kuseri kwa chitseko. Amayi anawasiya amalize, n'kuyankha mosakweza mawu: "Kumudziko ndiye moto wa nkhuni ndikauona? Ichi chanditentha dzanja limodzi, ndipo cholakwa ndachidziwa. Pa mafuwa ndidzapsa ndi chitenje chomwe. Mwanayu sukulu yake ili pano."

Amalume anaimirira. Anatuluka, anazungulira nyumba kawiri, anabwerera n'kutsegula chikwama chawo cha zipangizo. Anatenga tupa n'kusema kamzera pa batani lililonse, ndi kena pamwamba pake, kuti mizera iwiriyo ikakumana munthu adziwe ndi chala kuti pazima. Pa manambala amene amayi ankagwiritsa ntchito kwambiri anamatapo timikanda ta m'chitini chosokera chija. Atatha anagwira dzanja lamanzere la mlongo wawo n'kuliyendetsa pa batani lililonse, kubwereza kangapo. Anawonjezera malamulo awiri, ndipo anatinenetsa tonse ngati ana a Sitandade 1. Magetsi akazima, mabatani onse abwerere pa kamzera ndipo swichi yapakhoma izimitsidwe. Usanakhudze puleti, yamba wayandikiza kuseri kwa dzanja m'mwamba mwake. Mpaka lero ndimachita zimenezi, ngakhale pa kuka imene ndikudziwa kuti sinayake tsiku lonse, ndipo ana anga amandiseka.

Milungu imene dzanja linkapola, ufa ndinkakanda ndine, amayi akundiuza ndi khutu lokha ngati wafewa mokwanira. Aphunzitsi ankanyamula beseni popita kusukulu. Sindinkaganiza kuti munthu wosaseka uja angaime pachipata ndi beseni la masikono, koma anaima, ndipo palibe mwana amene anayerekeza kutola awiri. Ndi iwonso amene anafufuza za madokotala a maso pachipatala china cha mishoni, n'kuperekeza amayi kukayezetsa. Amayi anapezeka ndi ng'ala m'maso onse awiri. Anawauza kuti abwerenso mvula ikatha.

Mvula itatha, ine anangondiuza kuti amayi akupita kukatsukitsa maso, abwera pakatha masiku atatu. Sindinade nkhawa ngakhale pang'ono. Ndinkaganiza za kansalu kofinya ndi madzi ofunda, ndipo ndinangopempha kuti pobwera andigulire nthochi.

Diso lamanzere linachira, lamanja silinaonenso. Amayi sanabwerere ku makina osokera, koma anaphika masikono zaka zambiri, ndipo ndi masikono amenewo ndinamaliza sukulu. Zimenezi tinazidziwa pambuyo pake. M'mawa umene ankanyamuka palibe ankadziwa, ndipo ndinadzamva ndili wamkulu kuti madokotala sanawalonjeze kanthu.

Chimanga chinali chitayamba kuuma m'minda, kunja kukuzizira. Amalume anali ataima pamsewu ndi kachikwama ka amayi, akuyang'ana kumene kumachokera minibasi. Ine ndinali nditavala yunifolomu, mabuku ali m'jumbo. Amayi ananditulutsa panja, pamalo pamene dzuwa linkawomba, anagwada, n'kugwira nkhope yanga ndi manja awiri. Chikhatho chopsa chija chinali chosalala kuposa chinzake. Anandiyandikira kwambiri mpaka ndinkamva mpweya wawo, anatembenuzira nkhope yanga uku, kenako uku, akuyang'ana chipumi, mphuno, kachipsera ka pachibwano, pang'onopang'ono.

Ndinaganiza kuti ndatsala ndi phala patsaya. Ndinayamba kudzipotokola, n'kuwauza kuti ndasamba kale ndi sopo.

"Ndikudziwa," anatero. "Tangoima."

Belu la kusukulu linalira kutsidya kwa msewu. Ndinaima mokakamizika, phazi limodzi litaloza kale kuchipata, mtima wonse uli pa chikwapu cha ochedwa, ndikudabwa kuti munthu amene amandiona tsiku lililonse akufunanso chiyani pankhope panga.