Chule wa m'dzenje la njerwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amalume anga a Disoni anandikwapula chifukwa cha chule, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Tinkakhala kwathu ku Lirangwe. Chaka chimenecho amalume ankaumba njerwa zoti amangire nyumba ya malata, koma zinthu sizinkawayendera. Uvuni woyamba unapsa mbali imodzi, njerwa zambiri n'kumangofumbutuka m'manja. Kenako mwana wawo wakhanda anayamba kudwaladwala. Munthu akafika pamenepo amayamba kuyang'ana anzake ndi diso lina.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, amalume akukumba dothi m'mphepete mwa dambo louma, khasu linatukula chinthu chobulungira ngati papaya wamng'ono. Chinali chokutidwa ndi kachikopa kouma, kotuwa. Atang'amba pang'ono ndi kamtengo anapeza kuti m'kati muli chule wamkulu, maso ali chitsinzinire, osagwedezeka n'komwe.

"Chule m'dothi louma gwaa chonchi, wokulungidwa bwinobwino? Wam'kulunga ndani?"

Ankafunsa yankho ali nalo kale. Dzenjelo linali pafupi ndi malire a amake Eneti, mayi wamasiye amene ankakhala pamalo omwe makolo athu anabwereketsa malemu amuna awo. Anali munthu wosayankhulayankhula, wopanda achibale pafupi. Pofika madzulo nkhani inali itapsa: m'mawa achibale asonkhane, akawaponyere chinthucho pakhomo, awauze kuti asamuke.

Eneti anali mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Chaka chapitacho, mvula yoyamba itatipeza kudambo tikudyetsa mbuzi, tinaona ndi maso athu dothi likusweka, chule wotere akutuluka, akudzivula kachikopa ndi miyendo yakutsogolo n'kukameza. Tinaseka mpaka kugwa m'matope. Madzulo a tsiku limene amalume anakumba chule lija, nditawauza amayi anga zimenezi, anangondikodola mwamphamvu.

"Khala chete iwe Estere. Za akuluakulu izi."

Ine kukhala chete sindinkakudziwa, ndipo sindinakuphunzirebe. Kutacha, anthu atakhala pamikeka kudikira kuti anyamuke, ndinazemba n'kukatenga chule uja kuseri kwa nkhokwe komwe anamubisa m'chitini. Ndinamuika m'beseni lotsukira mbale, ndinathiramo madzi, n'kulikhazika pakati pa bwalo. Ndinaima pomwepo. Panalibe amene analimba mtima kuyandikira kuti alichotse.

Panapita nthawi ndithu. Ndege inadutsa chapansi kulowera ku Chileka, palibe amene anayang'ana kumwamba. Kachikopa kaja kanafewa, kanayamba kutumphuka. Mwendo umodzi unatambasuka. Maso anatseguka, chule anadzitukumula, anakoka chovala chake chija n'kuchikankhira m'kamwa monga tinaonera ndi Eneti.

Ndinkaganiza kuti ndapambana. Ha, ubwana!

"Mwaonatu!" anakuwa amalume. "Ndi wamoyo! Chule weniweni angakhale miyezi yonseyi popanda madzi?"

"Amadzikwirira yekha, amalume. Kakumbeni kudimba kwanu, mukam'peza wina. Kapena kumenekonso amake Eneti amalimako?"

Anathyola nthambi ya bulugamu. Inaluma m'miyendo, inaluma kumsana. Akamenya ankati, "Pepesa!" Ine ndinkati, "Ayi." Amayi anagwada pambali panga akunong'ona kuti ndingonena liwu limodzi lokhalo zithe. Ndinalira kwambiri, mamina mbwee, koma liwulo silinatuluke. Mkangano uli m'kati, mwini nkhani anadumpha m'beseni muja, amuna akuluakulu n'kumupatukira, iye ulendo wa kumpanda.

Zonsezo sizinathandize. Achibale anapitabe, opanda chule, ndipo mawu anakanenedwa. Patapita masiku ochepa amake Eneti anamanga mitolo yawo kupita kwa mlongo wawo ku Madziabango. Anatiletsa kukatsanzikana nawo. Ine ndinapita, ndinasenza mphika umodzi mpaka kumsewu, Eneti atakumbatira nkhuku m'khwapa.

"Bwerera mwanangu, angakakumenyenso," anatero mayi aja.

"Akandimenye."

Mvula itabwera, dzenje la njerwa lija linadzaza madzi. Achule anatuluka ochuluka, aakuluakulu, akulira mokhuthala ngati ana a ng'ombe. Ndinawapeza amalume ataima m'mphepete, manja ali kumbuyo. Ndinawayandikira n'kuwafunsa.

"Amalume, amake Eneti anapita. Nanga awa wawakulunga ndani?"

Sanandimenye. Anangotembenuka n'kubwerera kunyumba. Ndinadikira sabata imeneyo, ndinadikira inzake, ndikuyembekeza kuti wina akwera njinga kupita ku Madziabango kukawaitana. Palibe anapita. Nyumba ya amake Eneti inagwa ndi mvula yomweyo, ndipo pamalo ponsepo amalume anagaula n'kudzalapo chimanga ndi nandolo.

Nditakula ndinawerenga kuti chule wa mtundu umenewu amadzikuta ndi zikopa zake zofundula kuti madzi asamuthere m'thupi, n'kugona pansi mpaka mvula imudzutse, ngakhale itachedwa chotani. Zinandisangalatsa, koma zimene zimandiwawa n'zina. Kwa zaka zambiri ndinkadziimba mlandu kuti mwina sindinafotokoze bwino, kuti ndikanakumba ndekha kudimba n'kubweretsa chule wina, Eneti sakanachoka. Pano ndinasiya kudzivutitsa. Amalume anabadwira m'mphepete mwa dambo lomwelo, anadyetsamo mbuzi ine ndisanabadwe, mvula yoyamba inawapezamo kambirimbiri. Onse amene anakhala pamikeka tsiku lija anakulira pomwepo. Chule ankamudziwa bwino lomwe. Chimene chinkafunika chinali munda wa mayi wopanda womuyankhulira, ndipo ine anandikwapula chifukwa ndinanena mokweza zimene aliyense ankazidziwa.