Tsiku lomwe tinakathokoza a Makhuva

Ndikukumbukira ndili mu Sitandade 2 kwathu kwa Nazombe, sabata yotsekera sukulu, Khirisimasi itayandikira. Mayeso tinali titamaliza, ndiye a Madamu athu anabwera ndi nzeru. Anati mwana aliyense atchule munthu wa m'mudzi woyenera kuthokozedwa, ndipo kalasi yonse ipita kukamuimbira pakhomo pake. Anzanga anatchula amayi awo, ena abusa, wina azakhali ake ogulitsa zitumbuwa, poganiza kuti tikalawako.

Ine ndinaimika dzanja n'kutchula a Makhuva. Kalasi yonse inanditembenukira. A Makhuva anali mdala wokhala yekha kutsidya kwa kamtsinje, wa agalu awiri ndi legeni, ndipo panalibe mwana amene anali asanalawepo mwala wawo pamsana chifukwa cha mango. Chimene ndinkafuna ine chinali chimodzi: kuona a Madamu akuthamanga ndi nsapato zawo zazitali, agalu ali pambuyo.

A Madamu anatembenukira kwa ine n'kunena kuti:

"Chabwino, Yohane. Koma wolankhula ndiwe, ndipo unene zoona zokhazokha. Ukanama tikusiya komweko, uimbe wekha."

Apa m'pamene zinandivuta. Njira yonse anzanga ankaimba, ine thukuta lili kamukamu, ndikufufuza m'mutu chabwino chimodzi cha mdalayo. Sindinachipeze mpaka tinafika pakamtsinje. Phazi langa litaponda mitengo ya bulugamu yomwe tinkaolokerapo, ndinakumbukira m'mawa wina wa dzinja lapitalo, madzi ochokera kuphiri atakokolola mlatho wakale. Ndinawaona a Makhuva ali m'matope mpaka m'maondo, akukoka mitengoyo okha. Tsiku limenelo ndinangowaseka chifukwa kabudula wawo anali atang'ambika kumbuyo.

Titafika agalu anatilandira. Nditacheuka ndinapeza a Madamu atavula kale nsapato, zili m'manja, ndipo chithunzi chimenecho ndidzapita nacho kumanda. A Makhuva anatuluka ndi chikwanje, maso ali psuu. Ndinagwada n'kunena kuti agogo, tabwera kudzathokoza chifukwa cha mlatho, pakuti popanda iwo bwenzi ife akutsidya tikujomba dzinja lonse. Kenako anzanga anaimba, aliyense poyambira pake.

Mdalayo anaima osagwedezeka mpaka nyimbo inatha. Anakanda pakhosi n'kuyang'ana kumbali.

"Mitengo ija ndinaikira mbuzi zanga. Chokani, mukundipondera nandolo."

Pobwerera anzanga ananditukwana njira yonse chifukwa chowataitsa nthawi ya zitumbuwa.

Sukulu itatsegulidwa mu Januwale, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, tinapeza pamlatho paja atamangapo nsungwi yogwirira, yomangidwa bwino ndi mphira wa matayala. Inali yaifupi, yofika pachifuwa pa mwana wa Sitandade 2. Mbuzi zilibe manja.

Lero ndili Folomu 3, ndipo ku ofesi ya ahedi amandidziwa kuposa ana awo. Kupepesa za tsiku lija sindinapepesepo, ndipo sindidzatero. A Madamu ndimawathokoza chifukwa sanandimenye, anangondisiya ndilowe ndekha mu msampha wanga. Pamenepo ndinazindikira kuti kuthokoza amayi ako n'kosavuta, pakuti mawu amabwera okha. Koma pali anthu ena amene amatinyamula tsiku lililonse nkhope zili ndwii, ndipo ngati sipapezeka kamwana kopanda ulemu kowatchula dzina, amafa osamvapo zikomo.