Makolala a Malaya a Abambo

Amayi atamwalira, ntchito yochapa malaya a abambo inagwera ine. Sindinachite kuuzidwa. Anthu atabalalika pamaliro, ndinapeza malaya oyera ali pamsomali kuseri kwa chitseko, kolala ili bii ndi thukuta la masiku onse aja, ndipo ndinangowatenga n'kupita nawo kuseri kwa nyumba. Nthawi imeneyo n'kuti ukwati wanga utatha, nditabwerera kwathu ku Lifuwu ndi katundu wokwana m'chikwama chimodzi. Achimwene anga awiri ankakhala ku Lilongwe. Pakhomo tinatsala awiri, ine ndi abambo.

Abambo anali mphunzitsi wopuma ntchito, komanso mlembi wa mpingo wathu. Ankalima mpunga kusikimu ya ulimi wothirira ngati wina aliyense, koma akaweruka kumunda ankasamba n'kuvala malaya a manja aatali, kaya kutenthe bwanji. Oyera anali nawo anayi, ndipo amenewo anali a kutchalitchi, kumaliro ndi kumisonkhano.

Ndinkachapa monga ankachapira amayi. Madzi ndinkatunga pamjigo. Ndinkaviika malayawo m'beseni kuyambira m'mawa, kenako n'kupaka sopo wamtanda pakolala ndi kumapeto kwa manja, n'kuwasiya padzuwa pang'ono kuti sopoyo alowerere. Ndikatero ndinkafikisa ndi chitsononkho mpaka mzere wa thukuta utachoka. Kutsukuluza kunali katatu, komaliza m'madzi a buluu wowalitsa nsalu zoyera. Posita ndinkagwiritsa ntchito ayironi ya makala, ndikuuzira phulusa kuti lisagwere pansalu. Zala zanga zinkasupuka, koma Lamlungu m'mawa abambo akavala, ankaima pakhonde, kuyendetsa chala m'kati mwa kolala, n'kunena kuti, "Amayi, mwagwira ntchito." Ankanditchula choncho kuyambira ndili mwana. Ukwati unali utandikanika, ana ndinalibe, koma kutchalitchi aliyense ankadziwa kuti malaya a mlembi amachapa ndine.

Tinakhala choncho zaka zisanu. Tsiku lina tikupeta mpunga, abambo anakhosomola kawiri, n'kunena kuti apeza munthu. Anali mayi wamasiye wa ku Chipoka, wogulitsa nsomba zouma, ndipo anakumana naye kumsonkhano wa mpingo. Ndinati zili bwino. Ndinapitiriza kupeta mpunga womwe ndinali nditaupeta kale.

Amayi ondipezawo anabwera pa kalole kakang'ono ukwati utadalitsidwa. Anatsitsa bedi, mapoto, madengu a nsomba, ndi katoni yaikulu imene anthu anayi anachita kunyamulizana. M'katonimo munali makina ochapira. Anali atawatumizira mwana wawo wamwamuna amene amagwira ntchito ku Joni.

Ndikanakonda akanakhala munthu woipa, chifukwa bwenzi ndili ndi chowanenera. Koma anali munthu woseka, wojintcha, wa mawu aakulu, ndipo tsiku loyamba lomwe ananditchula kuti mwana wanga. Ine kuwatchula kuti amayi pakamwa panga pankakana. Ndinkangoti "inu", kapena ndinkadikira atembenuke kuti ndiyankhule.

Makinawo anawaika pakhonde la kuseri, pafupi ndi zenera limene munkadutsa waya wa magetsi, n'kuwafunditsa chitenje. Anali ndi zibowo ziwiri, china chochapira, china chofinyira. Loweruka loyamba akazi a nyumba zoyandikana anadzaza pakhomo kudzaonerera. Ine ndinalowa kuchipinda kwa abambo kukatenga malaya pamsomali monga mwa masiku onse, koma ndinapeza msomali uli wokha. Malaya anali kale mubasiketi ya amayi ondipezawo.

"Pumulako, mwana wanga," anatero. "Wavutika zaka zambiri. Ungotithandiza madzi."

Pakhomo pathu panalibe mpopi, choncho madzi othira m'makinamo ankachokera kumjigo, ndipo wosenza ndinali ine. Ndowa zisanu ndi zitatu tsiku limenelo. Ndinkathira, n'kuima pambali ngati mlendo, ndikuona malaya a abambo akuzungulira m'thovu limodzi ndi mapilo ndi zitenje. Abambo anali chilili manja kumbuyo, akumwetulira ngati mwana woona ndege. Makina atayamba kufinya ananjenjemera n'kusuntha pang'ono, akazi aja anakuwa n'kuseka. Ine sindinaseke.

Malaya atauma ndinapita pachingwe kukawayang'ana. Ndinatembenuza kolala. Mzere wa thukuta unalipo, wotuwa, kuchokera kuno mpaka uko. Mtima wanga unadumpha ndi chisangalalo, ndipo sindichita manyazi kunena zimenezi. Ndinadziuza kuti mawa abambo akavala aona, ndipo andiitana.

Lamlungu anavala, anaima pakhonde, anayendetsa chala m'kolala, n'kutembenukira kwa akazi awo. "Amayi, mwagwira ntchito." Ndinali nditaima pomwepo ndi nsapato zawo m'manja, nditangomaliza kuzipolisha.

Masabata atatu ndinadikira. Mzere uja unkangoderaderabe. Kutchalitchi ndinkakhala kumbali ya amayi, maso ali pakhosi pa abambo akamawerenga zolengeza, ndipo ndinkaona ngati mpingo wonse ukuyang'ana pomwepo. Palibe amene ananena kanthu. Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti abambo sanaone kusiyana kulikonse. Ndiye kuti zaka zisanu zija ndinkasupula zala zanga chifukwa chiyani?

Lachinayi lililonse amayi ondipezawo ankanyamuka m'mawa kupita ku Chipoka kukagula nsomba, ndipo abambo ankakhala kusikimu mpaka masana. Lachinayi lina ndinalowa kuchipinda kwawo, ndinavundukula basiketi, n'kutulutsa malaya oyera awiri. Ndinapita nawo kuseri kwa bafa kumene munthu wodutsa sangaone. Ndinapaka sopo wamtanda, ndinafikisa ndi chitsononkho, kolala ndi manja okha basi. Ndinayanika pa mpanda wa bafa, ndipo atauma ndinawakwinya n'kuwabwezera pansi pa zovala zakuda zija. Loweruka analowa m'makina pamodzi ndi zina zonse.

Sindidziwa bwino chimene ndinkafuna. Mwina ndinkati abambo azindikira dzanja langa. Mwina ndinkangolephera kupirira. Ndinachita zimenezi Lachinayi lililonse kwa miyezi iwiri, ndipo malaya anayambanso kuwala monga kale.

Abambo anaona tsopano. Koma anayamba kutama makina. Akapita kugolosale ankatama makina. Achimwene akaimba foni ankawauza kuti nawonso agule otere. "Chinthu chimenechi chimadziwa pamene pali litsiro," ankatero. Amayi ondipezawo ankangoseka.

Zinafika pachimake Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi. Akuluakulu a mpingo atatu anabwera kunyumba kudzakambirana za denga la tchalitchi, ndipo ine ndinkawathirira tiyi pakhonde. Mmodzi wa iwo, mkulu wokonda nthabwala, anagwira mkono wa malaya a abambo n'kunena kuti, "Alembi, chikwatirireni mukuwala. Malayawa akuthobwa m'maso."

Abambo anaseka mpaka kuika kapu pansi. "Si ine ayi, ndi makina a amayiwa. Kale mwana wangayu ankavutika tsiku lonse ndi chitsononkho, koma sankafika apa. Tiyeni mukaone."

Sankafika apa. Ndinaika ketulo patebulo mwamphamvu mpaka tiyi anatayikira pambale ya mandasi.

"Makina amenewo sachapa kolala!" ndinatero. "Ndimachapa ndine. Lachinayi lililonse, kuseri kwa bafa, ndi chitsononkho chomwecho. Makina anuwo amangozunguza madzi amene ndasenza ine!"

Mkulu wanthabwala uja anayang'ana m'kapu mwake. Abambo anandiyang'ana monga ankayang'anira ana a sukulu, kenako anati mofatsa, "Pita m'nyumba." Amayi ondipezawo anali pakhomo ndi mbale ya shuga. Anandipatukira kuti ndidutse.

Alendo atapita, ndinali nditakhala pa mtondo kuseri kwa khitchini, maso atatupa. Amayiwo anabwera n'kukhala pansi pafupi nane, miyendo atatambasula. Ndinayembekezera kuti andikalipira, ndipo mayankho ndinali nditakonza kale.

"Ndinadziwa sabata yoyamba yomwe," anatero. "Malaya akuda sanunkhira sopo wamtanda."

"Ndiye bwanji simunanene? Mumangolandira ulemu wa ntchito ya wina?"

"Ndikananena ukanasiya. Ndipo makolala akanadanso." Kenako anatambasula manja awo kuti ndione. Anali manja okhakhala, a zipsera za minga ya nsomba. "Tanunkhiza."

Sindinafune, koma fungo linandipeza lokha.

"Zaka makumi awiri ndikugwira usipa ndi utaka. Ndingasambe ndi ndimu, ndi phulusa, fungo silichoka. Bambo akowo atandifunsira, akazi a ku Chipoka ankandiseka kuti mlembi wa mpingo azikanunkha nsomba kuguwa. Ndiye ndinamulirira mwana wanga pafoni kuti anditumizire makinawa. Ndinkaopa kugwira malaya amenewo ndi manja awa. Ngakhale posita ndimavala mapepala a pulasitiki, sunaone?"

Ndinali nditaona, koma ndinkayesa matama.

Munthu wabwino akanawakumbatira. Ine ndinangoti, "Ndamva," n'kudzuka kukatsuka makapu. Chisoni ndinawamvera ndithu, koma pansi pa chisonicho panali china. Ndinkaganiza kuti abambo anadziwa za fungo limenelo, anakhala nalo pafupi, ndipo anawasankhabe. Ine mwamuna wanga anandisiya popanda ngakhale fungo loti atchule.

Abambo sanandiyankhule masiku atatu. Lachinayi sanapite kusikimu. Amayi ondipezawo nawonso sanapite ku Chipoka, chifukwa kunyanja kunali mphepo ya mwera ndipo nsomba kunalibe. Cha m'ma teni koloko ndinamva madzi akukhuthulidwa kuseri. Nditasuzumira ndinaona abambo atakhala pa kampando, beseni lili pakati pa miyendo, malaya oyera ali m'manja. Ankapaka sopo paliponse, ngakhale pamsana pomwe panalibe litsiro, ndipo chitsononkho anachigwira ngati choko.

Ndinathamangira pomwepo. Amayiwo nawonso anatuluka kukhitchini.

"Abambo, bweretsani ndichape," ndinatero.

"Bambo, anthu akaona ati chiyani?" anatero amayiwo.

"Khosi ndi langa, thukuta ndi langa," anatero abambo osadzutsa mutu. "Ndachita manyazi pamaso pa akulu a mpingo chifukwa cha kansalu aka. Kuyambira lero kolala ndizichapa ndekha. Zotsalazo muzigawana mmene mungafunire."

Tinaima awiri, wina uku wina uku, tikuonerera. Anafikisa mwamphamvu mpaka batani la pakhosi linathothoka n'kugwera m'thovu. Tonse tinawerama nthawi imodzi kuti tilitole, mitu yathu n'kugundana. Amayiwo anaseka mpaka kukhala pansi. Batanilo ndinalipeza ndine, ndipo ndinalifumbata osawapatsa.

Madzulo a tsikulo abambo anandiitana pakhonde. Sanapepese, ndipo sindinayembekezere kuti angatero. Anangoti, "Mawu aja ndinayankhula mopanda nzeru. Koma iwe sungakalambire pa makolala anga." Anandiuza kuti azakhali anga a ku Khombedza akufuna munthu wowathandiza kugulitsa mpunga pamsika, ndipo ngati ndikufuna andipatsa matumba atatu oyambira. Ndinamva ngati akundithamangitsa. Ndinalira, ndinakana, koma mpunga utakololedwa ndinapita.

Ku Khombedza ndakhalako zaka zinayi tsopano. Ndili ndi benchi langa pamsika ndi nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo sindinganame kuti moyo ukundivuta. Kwathu ndimapitako mwezi ndi mwezi. Amayi aja ndinayamba kuwatchula amayi chaka chachiwiri, tsiku limene anabwera kudzandidwazika malungo n'kugona pamkeka masiku anayi.

Koma nsanje sinathe, inangochepa. Mwezi wathawu nditapita ndinapeza abambo akudwala mwendo, atakhala pampando pakhonde. Amayi anali atagwada patsogolo pawo akuwadula zikhadabo za kumapazi ndi lezala, akuwakalipira kuti asagwedezeke, abambo akuseka. Ndinaima pachipata ndi thumba la tomato m'manja kwa kanthawi ndithu, iwo osandiona. Kenako ndinati odi, ndipo amayi anandiuza kuti ndikatenge mpando m'nyumba.