Dzina Langa m'Kabuku ka Achikulire

Pachipatala chathu chaching'ono, m'mapiri a kum'mawa kwa Mponela, oona odwala tinalipo awiri: ine ndi bambo wina amene tonse tinkangowatchula kuti achikulire. Iwo anayamba ntchito ine ndili kupulaimale. Ndi amene anandiphunzitsa kusoka bala la khasu, kuzula dzino, ndi kuzindikira mayi amene akubisa kuti mwana wamwetsedwa kale mankhwala achikuda. Nditafika kuchokera kusukulu ndili ndi mapepala oposa awo, sanachite nazo kanthu. Anangondisiyira chipinda cha zenera lalikulu, iwo n'kusamukira cha kufupi ndi nkhokwe ya mankhwala.

Ntchito yathu ili ndi lamulo lake. Laisensi imayenera kukonzedwanso nthawi yake ikakwana, ndipo kuti akukonzere uyenera kusonyeza kuti sunasiye kuphunzira. Aliyense ali ndi kabuku. Ukapita kumaphunziro amakulembera mapointi, ukaphunzitsa anzako amakulemberanso. Mapointi akapanda kukwana laisensi situluka, ndipo wopanda laisensi saloledwa kuona wodwala, ngakhale atagwira ntchitoyo mpaka kumera imvi.

Chaka chimenecho kabuku ka achikulire kanali ndi masamba oyera ambiri. Chifukwa chake ndikuchidziwa bwino, poti chifukwacho ndinali ine. Kalata ikabwera yoitana munthu mmodzi kumaphunziro ku Mponela, kumene aliyense wa ntchito ya boma amakamwera tiyi wa teni koloko m'maholo, iwo ankati, "Pitani inu amayi, mutu wanu ukadali watsopano. Anthuwa ndiwaona ine." Ndinkapita osanyinyirika. Ndimakonda kuphunzira, komanso, kunena zoona, ndimakonda kupumulako mzere wa odwala malungo kwa masiku atatu. Kabuku kanga kanadzaza choncho.

Achikulire anali atatsala ndi zaka ziwiri kuti apume pantchito, ndipo zaka ziwirizo ankazifuna. Akazi awo anali atamwalira, ana anali ku Lilongwe, kumudzi kwawo ku Bowe kunali nyumba yotseka ndi munda umene ankalima achibale. "Ndikufuna ndidzachoke ndekha tsiku langa likakwana," anandiuza tsiku lina akusamba m'manja, "osati kuuzidwa ndi kalata kuti ndisiye." Timabuku tinkayenera kupita kuboma kumapeto kwa mwezi umenewo.

Njira yachangu inalipo imodzi. Kumaphunziro ena ndinabwerako ndi satifiketi ya uphunzitsi wa kudzutsa mtima wa munthu ukaima mwadzidzidzi: kudinikiza pachifuwa, kuuzira mpweya m'kamwa, ndi kugwiritsa ntchito makina odzidzimutsa mtima ndi magetsi. Anandipatsanso zida zophunzitsira. Makinawo ndi kabokosi kolankhula Chingerezi, kamene anzathu ankangokatchula kuti wailesi. Kenako panali chidole cha pulasitiki, theka la munthu, chopanda manja ndi miyendo, chokhala m'chikwama cha zipi. Ukachidinikiza pachifuwa n'kufika pamuyezo woyenera chimalira kuti tcha. Ukapanda kufika chimangokhala chete, ndipo pa munthu weniweni kudinikiza kotereko sikuyendetsa magazi.

Wophunzitsa ena zimenezi amapeza mapointi ambiri pa tsiku limodzi, okwanira kutseka pamene achikulire anaperewera. Alangizi a zaumoyo a pakachipatala kena ka kumtunda, cha kumalire ndi Ntchisi, anali atapempha kale kuti wina akawaphunzitse. Koma munthu asanapite kukaphunzitsa ayenera kusonyeza yekha kuti amatha, mphindi ziwiri chidole chikulira, pamaso pa mphunzitsi wa satifiketi amene amasaina m'kabuku. M'dera lonselo mphunzitsi wa satifiketi ndinali ine ndekha.

Tinayeserera Lachiwiri masana odwala atatha. Za wailesi sizinawavute. Achikulire anamata zomatira za makinawo pachifuwa cha chidole pamalo pake, anadikira kuti kabokosi kalankhule, anauza anthu osaoneka kuti atalikire, n'kudina batani. Mutu wawo unali bwinobwino. Kenako anagwada pamphasa, anapinda manja a malaya, anaika dzanja pamwamba pa linzake n'kuyamba kuwerenga. Chidole chinalira kasanu. Kachisanu ndi chimodzi sichinalire, ndipo kuyambira pamenepo m'chipindamo munkangomveka kupuma kwawo ndi mawu awo owerenga, wani, thuu, fili, mpaka sate.

Ndinali ndisanawayang'anitsitsepo manja awo. Nyamakazi inali itatupitsa mfundo za zala, ndipo mkono wamanja sunkawongoka wonse. Munthu ndinkagwira naye ntchito tsiku ndi tsiku, ine wodzitama kuti ndimaona matenda munthu akulowa kumene pakhomo, koma zimenezi zinandidutsa.

"Lero kwazizira," anatero akudzuka mogwira tebulo. "Manja auma. Lachisanu kukhala dzuwa."

"Kukhala dzuwa ndithu, achikulire," ndinayankha.

Kumsana kwa chidolecho kuli kabatani kotembenuza. Mbali ina ndi ya munthu wamkulu, ina ya mwana. Ukakatembenuzira kwa mwana, chidole chimalira ngakhale wadinikiza pang'ono, chifukwa chifuwa cha mwana sichifuna mphamvu zambiri. Zimenezi anatiuza ku Mponela, ndipo pachipatala chathu ndinkazidziwa ndekha. Lachisanu m'mawa, ndikupukuta chidolecho ndi sipiliti, ndinakatembenuza. Sindinalimbane nawo maganizo nthawi yaitali. Ndinadziuza kuti munthu amene wasunga chipatala chino zaka zonsezi sangachotsedwe ndi pulasitiki, komanso kuti mtima ukaima pano wogwada ndidzakhala ine, osati iwo. Ndinkadziona ngati munthu wabwino kwambiri m'mawa umenewo.

Anamwino awiri anabwera kudzaonerera. Achikulire anagwada, anayamba, ndipo chidole chinalira kuyambira poyamba mpaka mphindi ziwiri zitatha, tcha, tcha, tcha, osadumpha ngakhale kamodzi. Anamwino anaomba m'manja. Iwo anadzuka thukuta lili kamukamu, akuseka ngati mwana wakhoza mayeso.

"Ndinakuuzani kuti linali vuto la kuzizira," anatero. "Sainani, amayi."

Ndinasaina, n'kudinda chidindo.

Chimene sindinachiganizire ndi chimene chinachitika kenako. Ine ndikulemba deti, iwo anali atanyamula kale chidole, achiika m'chikwama, atseka zipi. Anati apita nacho kunyumba kuti Lolemba angochimangirira panjinga yamoto n'kunyamuka, chifukwa mvula ikagwa msewu wa kumtunda uja suyendeka. Ndinaima ndi cholembera m'manja ndikuwaona akutuluka nacho. Ndikanatha kunena kuti ndikufuna ndichipukutenso. Ndikanatha kuwaimbira foni Loweruka, kapena kuwapeza pabwalo la tchalitchi Lamulungu titatuluka m'mapemphero, poti timapemphera mpingo umodzi ndipo tinapatsana moni. Sindinachite chilichonse mwa zimenezi. Ndinkaopa nkhope yawo, basi.

Anabwerako Lolemba dzuwa litapendeka, mathalauza ali matope ofiira mpaka m'mawondo. Anandipatsa pepala la mayina. Alangizi khumi ndi anayi.

"Sindinaonepo kalasi yotere," anatero. "Onse chawalirira. Ngakhale kamtsikana kena kowonda, kamene ndimati sikangathe, kangokhudza, tcha. Ndawauza kuti mwamva kulirako? Pamenepo ndiye pamuyezo. Musapitirire, mungathyole nthiti za munthu."

Ndinati zikomo, mwagwira ntchito. Ndinalemba mapointi awo m'kabuku, ndipo anakwana. Atatuluka ndinatsegula chikwama n'kubwezera kabatani kwa munthu wamkulu, ngati kuti kutero kukonza kanthu. Anthu khumi ndi anayi anali atabwerera kumidzi yawo ataphunzira kudinikiza chifuwa cha bambo wolima fodya ndi mphamvu ya pa mwana wa sitandade wani, ndipo anauzidwa kuti asapitirire pamenepo.

Zinaululika Lachitatu, ndipo sindine ndinaulula. Dalaivala wa ambulansi yathu, munthu wokonda kuseka anzake, anauza achikulire kuti sakukhulupirira zimene anamva zoti chidole chinawalirira, akufuna adzionere yekha. Iwo anatulutsa chidole pakhonde la kuseri mokondwa. Ine ndinali m'chipinda changa ndi mayi wa mwana wotsegula m'mimba, zenera lili lotsegula. Ndinamva kulira kanayi, kenako kuwerenga kokhakokha. Anayambiranso. Kunalira kawiri. Dalaivala anasiya kuseka, anati mwina chawonongeka ndi mabampu a kumtunda, n'kupeza chochita kugalimoto.

Achikulire ndi munthu amene wailesi yake ya kunyumba ikafa amaimasula yekha. Anachitembenuza chidolecho kuti aone chathyoka n'chiyani. Patapita kanthawi ndinamva tcha, tcha, tcha wosadumpha uja, kenako chete, kenako kudinikiza kopanda kulira. Anali atapeza kabatani kaja, ndipo anayesa mbali zonse ziwiri kangapo. Mayi uja anandifunsa kuti madzi a mchere ndi shuga azimupatsa kangati mwanayo, ndipo ndinamuyankha molondola.

Achikulire anadikira mpaka wodwala womaliza atatuluka. Analowa ndi kabuku kawo m'manja, anatseka chitseko, anakhala pampando wa odwala.

"Amayi, Lachisanu kabatani kaja kanali mbali iti?"

"Ya mwana."

"Nanga Lolemba?"

"Ya mwana yomweyo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakweze mawu, ndipo ndikanakonda akanakweza, chifukwa ine kukangana ndimakutha.

"Munatembenuza ndinu?"

"Ndine, achikulire. Ndimafuna kuti laisensi yanu ituluke. Mapointi anuwo anathera pa ine, inu mukudziwa."

"Zimenezo ndinkachita ndikufuna," anatero. "Koma inu mwandituma kuphiri kukanamiza anthu ndi pakamwa panga. Ana aja amalemba m'makope zimene ndimanena."

Ndinayamba kufotokoza kuti tikhoza kukonza mwakachetechete. Ndipita ndekha kumtunda, ndikawaphunzitsanso, ndikanena kuti ndi kubwereza chabe, kabuku kapita kuboma mmene kalili, palibe adziwe. Ndinalankhula bwino, ndipo mpaka lero ndimaona kuti zikanatheka. Iwo anamvetsera mpaka nditamaliza. Kenako anapempha rula. Ndinawapatsa ya m'dirowa. Anatsegula kabuku patebulo langa, anaika rula pamzere wa Lachisanu pamene panali dzina langa ndi chidindo, n'kujambula mzere wowongoka. Anachita chimodzimodzi pamzere wa Lolemba. Zala zinkawavuta kugwira rula, moti inatsetsereka kamodzi, anaibwezera. Pambali analemba kuti zafufutidwa ndi mwini kabuku, n'kusaina.

"Kumtundako mupite ndithu," anatero akuimirira. "Mukawauze kuti ndinalakwitsa muyezo. Za kabatani musakanene, mungadzichotsere ulemu, ndipo anthu aja akufunika kuti azikukhulupirirani."

Ndinakwiya nawo kwambiri tsiku limenelo, ndipo mkwiyowo unanditengera nthawi kuti uthe. Ndinkaona kuti ndi kuuma mutu kwa anthu a mishoni, kofuna kukhala oyera ngakhale nyumba ikupsa. Ndinali nditawapatsa zaka zawo ziwiri m'manja, iwo n'kuzitaya ndi rula yanga yomwe.

Kumtunda ndinapita sabata yotsatira. Alangizi aja anadabwa kuti chidole chomwe chija chalimba bwanji. Ena chinawalirira atatuluka thukuta, kamtsikana kowonda kaja kanayesa kanayi kenako kanatha. Ndinanena zimene ndinauzidwa kunena, kuti achikulire analakwitsa muyezo. Mlangizi wina anati n'zomveka, akula. Ndinangoyang'ana pansi n'kupitiriza phunziro.

Kabuku kawo kanapita kuboma ndi mizere iwiri ija. Panalibe nthawi yopezera mapointi ena, ndipo laisensi yawo sinatuluke. Akuluakulu anawachitira chifundo, sanawachotse. Anawaika patebulo la pakhomo, polembera mayina a odwala ndi kuyeza sikelo, kuti amalize zaka zawo. Anthu a m'midzi sanamvetse. Ankafika patebulopo n'kuyamba kufotokoza matenda awo monga ankachitira kale, ena kuvula malaya kumene kuti aonetse chotupa. Achikulire ankamvetsera pang'ono, ankalemba dzina ndi mudzi, kenako ankaloza chitseko changa n'kunena kuti, "Kaonaneni ndi adokotala."

Yanga laisensi inabwera patapita masabata angapo, mu envelopu ya khaki. Woyesa mnzake nayenso amalandira mapointi, ndipo a Lachisanu lija ndinali nditadzilembera tsiku lomwelo. Mzere umenewo m'kabuku kanga sunafufutidwe. Envelopuyo inafikira patebulo la pakhomo monga makalata onse, ndipo anandibweretsera ndi achikulire. Anagogoda, anadikira kuti ndiwauze kuti alowe, n'kundipatsa ndi manja awiri.