Tsiku limene apongozi anandigwira m'chiuno

Kwathu ku Domwe mkamwini sakhudzana ndi apongozi ake aakazi. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire, moni mumapatsana mutayang'ana kumbali. Mwambo umenewu ndinausunga bwino lomwe mpaka chaka chimene mbatata ya kachewere inandikomera, ine n'kugula mota, njinga yamoto.

M'mawa wina mlamu wanga anaimba foni ali kuchipatala ku Ulongwe, kumene mkazi wanga ankadikirira mwana wathu woyamba. Akuti matenda ayamba, ndipo mwiniwakeyo akungolirira amayi ake, wina aliyense sakumufuna. Galimoto yam'mawa yopita ku Ulongwe inali itapita kale. Ndinakaima kunja kwa mpanda wa apongozi n'kufotokozera mtengo wa pichesi nkhani yonse, iwo akumvera kuseri.

Anatuluka ndi beseni lodzaza zitenje. Analiika pa mota pakati pa ine ndi iwo ngati malire a dziko a pa Kalomwe, n'kukhala chammbali monga amakhalira pa njinga yakapalasa, manja atapinda mwaulemu. Ndinauza beseni lija kuti ndi bwino munthu agwirire. Beseni silinayankhe.

Nditangokoka moto, mota inapepuka modabwitsa. Kucheuka, apongozi ali khale pa udzu, duku lili kumaso. Mayo ine! Kuwadzutsa sindingathe, kuseka sindingathe. Anadzuka okha, kudzisansa fumbi, n'kuuza mtengo wa pichesi kuti chinthuchi chawathawa.

Sananame. Pulofesolo wathu, mphunzitsi wa fizika kusukulu ya ku Fonte Boa, ankakonda kunena kuti thupi ndi laulesi: likakhala silifuna kunyamuka, likanyamuka silifuna kuima. Ife tinkangoloweza kuti tikhoze mayeso. Ndinadzazimvetsa tsiku limenelo, apongozi anga enieni ali pa udzu.

Kachiwiri ndinanyamuka ngati ngolo ya ng'ombe, n'kumawonjezera moto pang'onopang'ono. Pamalo osalala tinathamanga ndithu, iwo ali phee osagwedezeka. Kani chogwetsa munthu si liwiro ayi, koma kusintha kwa liwirolo. Ndili mkati modzitama chamumtima, mbuzi inadumphira mumsewu. Ndinaponda mabuleki. Beseni linandimenya pamsana, kenako chipumi cha apongozi chinafika pakhosi panga, gu! Tonse awiri tinapepesa, aliyense akuyang'ana mbuzi.

Kuchokera pamenepo mantha anandigwira. Pokhota ndinkamva akupendekera kunja, potsetsereka beseni likundikankha. Ndinayamba kukwawa moti wina wa njinga, atanyamula matumba a chimanga, anatipitirira akuimba likhweru. Foni inkangonjenjemera m'thumba. Ndinkadziwa amene akuimba, ndipo mtima unkandiwawa kwambiri: ndikathamanga ndigwetsa mayi, ndikazengereza mwana wawo avutika yekha.

Kenako anandiuza kuti ndiime. Anatsika, kumangirira beseni kumbuyo ndi chitenje, kukwera ngati mwamuna, mwendo uku mwendo uku. Ndinangomva manja andizinga m'chiuno, gwa.

“Apongozi,” anatero kwa ine, “mwambo tidzautola pobwerera. Thamangani.”

Ndinathamanga, abale. Pali chigwa china chotsikira kukamlatho, pamene mimba imakwera kukhosi potsika, ukafika pansi thupi n'kulemera ngati wasenza thumba la feteleza. Pamenepo ndinamva kamawu kumbuyo, ndinkayesa akulira. Ayi ndithu, ankaseka. Gogo wa mpingo, woopedwa mudzi wonse, kuseka ngati kamtsikana pa katungwe! Nanenso ndinaseka mpaka misozi.

Tinafika nthawi yabwino. Analowa chothamanga, ine n'kutsala panja. Dzuwa lisanafike pamutu anatuluka, n'kukaima patali monga mwa masiku onse, atayang'ana khoma. Anauza khomalo kuti kwabadwa mwana wamkazi, mayi ake ali bwino, ndipo mphuno ndi ya bambo ake. Ndinathokoza khoma ndi mtima wonse.

Kenako anafunsa khoma lomwelo ngati pobwerera tidzadzerenso pa chigwa chija.