Mnofu wa Katumba Wanga

Chaka chimene anyamata ankalembedwa usilikali kupita kunkhondo, ine ndinali telala pa khonde la sitolo ya mmwenye ku Namitete. Ndinkakhala chikamwini m'mudzi wa akazi anga, mtunda wa ola limodzi wapansi.

Tsiku lina masana, nditachotsa phazi pa chopalasira makina, ndinaona mnofu wa katumba wa mwendo wakumanja ukudumphadumpha wokha, ngati pansi pa khungu palowa kachilombo. Sunkapweteka. Ndinaugwira, unaleka. Nditachotsa dzanja, unayambanso.

Wina akanangoseka, koma ine ndinali nditadwazikapo amalume. Iwo zinawayamba chomwechi, pa mnofu wa chala chachikulu cha dzanja. Kenaka khasu linayamba kuwapulumuka, manja anafota, miyendo nayo inatsatira. Akuchikazi ataona kuti munthu sakulimanso, anawabweza kwathu ku Kabudula pa machira. Pomaliza lilime linalemera, phala linkawatsamwa, koma nzeru zinali zonse. Ankatiyang'ana, akumva chilichonse chimene tinkanena. Matendawo palibe anawatchula dzina.

Sindinauze munthu. M'mawa uliwonse ndinkapita kuseri kwa nkhokwe ndi tepi yanga yoyezera nsalu, n'kuyeza akatumba onse awiri. Tsiku lina wakumanja ankaoneka wochepa, mawa lake wakumanzere, ndiye ndinayamba kukayikira tepiyo kuti yatamuka. Ndinkanyamula mutu wa makina ndi dzanja limodzi kuti ndione ngati mphamvu zilipo. Ulusi ukakana kulowa pa singano, thukuta linkandituluka. Posakhalitsa chikope nacho chinayamba kugwedera, kenaka phewa.

Pa khonde la sitolo yoyandikana nafe panali telala wina wachikulire, wobwera kumene kuchokera ku Halale. Anali munthu wansangala, ndipo nsangalayo ndi imene inayamba kundidetsa nkhawa. Ndinakumbukira kuti mlungu umene katumba anayamba, iye anakhala pa mpando wanga n'kupalasa makina anga, akuti akumva ngati lamba walimba. Anafuniranji kuponda pamene ndimaponda ine? Ndinatsuka chopalasiracho ndi madzi a mchere. Atabwera kudzapempha mafuta a makina ndinamuuza kuti atha, botolo lili poonekera. Moni wake ndinkayankha ndi mutu wokha.

Kunyumba nako ndinaona zachilendo. Apongozi aakazi ndi akazi anga ankanong'onezana pa mtondo, ine ndikatulukira n'kukhala chete. Mlongo wawo wa apongoziwo, amene ankayang'anira mbumba yonse, anabwera kawiri mwezi umodzi. Ndinati basi, aona mwendo, akupangana tsiku londinyamula. Ndiwo zanga ndinayamba kugawirako galu ndisanadye.

Nditatopa ndinapita kuchipatala cha mishoni. Asisitere achizungu, odziwa Chinyanja bwino, anandiuza kuti ndifinye zala zawo, ndiyende chonyang'ama, ndidzuke pansi osagwira kanthu. Zonse ndinachita. Anafunsa kuti ndimapalasa makina maola angati, ndimamwa tiyi wochuluka bwanji, ndimagona bwino kapena ayi. Ndinawafotokozera za amalume. Anakhala kaye chete, kenaka anati matenda otero alipodi, koma amabwera ndi kufooka, ndipo mwa ine kufooka sanakupeze. Anati ndipumule mlungu umodzi.

Ndinatuluka ndisanakhutire. Mawu onse abwinowo ndinawataya, n'kusunga kukhala chete kuja. Njira yonse ndinkadzifunsa chimene anameza asanayankhe, ndi chimene analemba pa kapepala.

Madzulo ake akazi anga anandipeza kuseri kwa nkhokwe, buluku nditapinda, tepi ili pa mwendo.

"Kodi inu, mwendowu mukufuna kuusokera malaya?"

Sindinaseke. Ndinawafunsa kuti akundibweza liti kwathu, popeza akhala akupangana ndi amayi awo.

Anandiyankha kuti: "Miyezi iwiri mukundiyang'ana ngati ndakuthirani mankhwala. Chakudya changa mukuyamba mwapatsa galu, mukuyesa sindiona? Zimene timanong'ona n'zakuti ndili ndi pakati. Amayi amati tidikire azimayi aakulu adzakuuzeni mwamwambo."

Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinawaonetsa katumba, ndipo tinadikira limodzi mpaka anadumpha. Anaikapo chikhatho, nati akatumba awo nawonso amatero akachokera kokolola, ndipo sanaganizepo kanthu. Tepi anapita nayo m'nyumba. Kuyambira pamenepo ankandipatsa m'mawa popita kuntchito, madzulo n'kuilanda.

Ndinganame nditati mantha anatha tsiku limenelo. Mwana anabadwa, anakwawa, anayenda, ine ndikuzondabe mwendo wanga ngati mlendo wosadziwika kumene wachokera. Mnofuwo umadumphabe mpaka lero ndikatopa, ndipo ndapalasa makina zaka zambiri pambuyo pake.

Telala mnzanga uja sanachedwe pa khondepo. Dzinja lisanafike anamanga makina ake pa njinga, nasamukira ku Nsaru. Anabwera kudzanditsanzika, nati sakudziwa chimene anandilakwira, koma ngati chilipo ndimukhululukire. Ndinamuuza kuti palibe, ndipo ndinamuthandiza kumanga chingwe. Zoti ndinkamuyesa mfiti sindinathe kuzitulutsa pakamwa.